Wolira Kwambiri Si Ndiye Wavulala Kwambiri

Pali dandaulo lina limene timalimva kawirikawiri kuchokera kwa abale ndi alongo amene adakhalapo pa benchi ya chipatala kudikirira ndi munthu wovulala. Amati adafika m'mamawa, m'bale wawo magazi ali chuchuchu kumaso, akubuula ndi ululu, koma namwino adangomuyang'ana pang'ono, kumugwira pamkono, kumumanga bandeji ndi kuwauza kuti adikire. Patapita nthawi kudabwera munthu wina wopanda bala looneka, ali zii pa machira, ndipo achipatala onse adathamangira iyeyo. Apa ndiye pamayambira manong'onong'o. Ena amati ndi wachibale wawo, ena amati wapereka kangachepe.

Sitikunena kuti m'zipatala simuchitika zolakwika, pakuti kulikonse kumene kuli anthu kulinso zofooka. Koma nthawi zambiri chimene chimaoneka ngati kukondera chimakhala muyeso. Achipatala ali ndi njira zawo zoyezera kukula kwa kuvulala, monga momwe wogula mbewu ali ndi sikelo yake, ndipo sikelo siona nkhope. M'nkhani ino tifuna tikufotokozereni, awerengi athu, momwe muyesowu umayendera. Mudzaona kuti mzinda wa Blantyre uli ndi dzina lake pa nkhani imeneyi dziko lonse lapansi, ndiponso kuti banja limene likudziwa zimene dokotala akuyang'ana lingathe kupulumutsa moyo wa m'bale wake.

Msewu wodutsa pafupi ndi Kanjedza

Ambiri a ife a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota tili ndi ana kapena abale amene amakhala ku Kanjedza, ku Bangwe, ku Ndirande ndi madera ena a Blantyre. Ena amasoka, ena amagulitsa nsomba mu msika wa Limbe, ena ali m'masitolo, ndipo anyamata ambiri masiku ano ali pa njinga zamoto za kabaza. Tsiku ndi tsiku anthu amenewa amawoloka kapena kuyenda mu msewu waukulu wa Masauko Chipembere, umene umalumikiza Limbe ndi Blantyre. Mu msewu umenewu minibasi, malole, njinga ndi oyenda pansi amalimbirana malo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndipo kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka za pakati pa 5 ndi 29. Tsoka silinunkha. Ngozi ikachitika cha ku Kanjedza, wovulala kwambiri amathamangira naye ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene tonse timangoti ku Queens, pafupi ndi Ginnery Corner. Chipatalachi chidatsegulidwa mu 1958. Mu 2001 padatsegulidwa malo olandirira ana odwala mwadzidzidzi, ndipo mu 2011 padatsegulidwanso malo otere a akuluakulu. Pa makomo awiri amenewa ndi pamene muyeso umayambira.

Ayambe ndani?

Nzeru yosankha woyamba kuthandizidwa idachokera ku nkhondo. Zaka zoposa 200 zapitazo, dokotala wa asilikali a Napoleon wa ku France, dzina lake Dominique Jean Larrey, adalimbikira kuti ovulala azithandizidwa potsata kukula kwa mabala awo, osati potsata udindo. Msilikali wamba amene moyo wake uli pa chiswe ayambe ndiye, mkulu wa asilikali wokhala ndi bala laling'ono adikire.

Kuno kwathu nzeru imeneyi idaonetsa mphamvu yake pa ana. Kale amayi ankangokhala pa mzere potsata nthawi imene afikira, ndipo mwana wodwalitsa ankatha kutsirizika pa msana amayi ake akudikira kumapeto kwa mzere. Dokotala wa ana Elizabeth Molyneux ndi anzake ku Queens adasintha kalandiridwe kameneka. Mwana aliyense akangofika amayang'anidwa msangamsanga ndi kuikidwa m'gulu limodzi mwa magulu atatu: wofunika thandizo pomwepo, wofunika kuonedwa posachedwa, ndi amene angathe kudikira pa mzere. Malinga ndi zimene adalemba mu 2006, imfa za ana ogonekedwa m'chipatalamo zidatsika kuchoka pa ana 10 mpaka 18 mwa 100 aliwonse kufika pa ana 6 mpaka 8. Njira imeneyi, yodziwika ndi dzina loti ETAT, bungwe la WHO limaiphunzitsa m'maiko ambiri. M'zipatala zambiri magulu atatuwa amawasonyeza ndi mitundu: kufiira, chikasu ndi kubiriwira.

Phindu la kusankha kotere limaoneka bwino pa tsiku la tsoka lalikulu. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ovulala ankafika ku Queens ambirimbiri nthawi imodzi. Pa tsiku lotere manja a madokotala amachepa, ndipo popanda muyeso thandizo likadapita kwa amene ali ndi mphamvu yofuula.

Zinthu zisanu zimene amayamba kuyang'ana

Dokotala kapena namwino wophunzitsidwa bwino sayamba ndi bala limene likuoneka moopsa. Amayamba ndi chimene chingaphe munthu msanga koposa, ndipo amatsata ndondomeko imodzi kwa wina aliyense.

Choyamba ndi njira ya mpweya. Munthu amene pakhosi patsekeka ndi magazi, masanzi kapena lilime lake lomwe amafa m'mphindi zochepa. Ndi chifukwa chake funso loyamba limakhala lakuti, "Dzina lanu ndani?" Wovulala akayankha bwinobwino, dokotala wadziwa kale zinthu zitatu: pakhosi mpotseguka, mpweya ukulowa, ndipo ubongo ukulandira magazi. Apa ndipo pagona chinsinsi cha mutu wa nkhani yathu. Munthu amene akulira mofuula akupuma. Amene ali chete, kapena akuchita mkonono ngati wagona tulo, ndiye woopsa. Pa nthawi yomweyi amagwiriziza khosi kuti lisagwedezeke, poopa kuti mwina fupa la m'khosi lathyoka.

Chachiwiri ndi kapumidwe. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Akamapuma mothamanga kwambiri, kapena mbali imodzi ya chifuwa ikapanda kukwera, ndiye kuti mwina nthiti yothyoka yaboola phapo, ndipo mpweya kapena magazi akudzaza m'chifuwa.

Chachitatu ndi kayendedwe ka magazi. Amagwira mtsempha wa pamkono kuti amve kugunda kwa mtima, kumene kwa wamkulu kumakhala ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Amagwira manja kuti amve ngati azizira. Amatsinanso chikhadabo mpaka chiyere, kenaka n'kuchisiya. Kufiira kukachedwa kubwerera kupitirira masekondi atatu, ndiye kuti magazi achepa m'thupi.

Chachinayi ndi ubongo: kodi munthuyo ali maso, kapena amadzidzimuka pokhapokha akaitanidwa, kapena pokhapokha akatsinidwa, kapena sakumva chilichonse? Amawalitsanso tochi m'maso kuti aone ngati timwana ta m'maso tikufanana kukula.

Chachisanu ndi kuona thupi lonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Apa tifuna tilankhule ndi makolo ndi amuna a pabanja. Kudzilemekeza pa kavalidwe ndi chinthu chimene tonse timachisunga, ndipo si chapafupi kuona zovala za mayi kapena mwana wamkazi zikudulidwa ndi sizasi. Koma bala la mpeni kumsana kapena kutupa kwa m'chiuno sizioneka munthu atavala. Mungathe kupempha mwaulemu kuti atseke makatani, kuti pakhale namwino wamkazi, ndi kuti amufunditse chitenje mbali imene atha kuyiona. Achipatala nawonso amafuna kumufunditsa msanga, chifukwa wovulala akazizidwa magazi ake sagwirana bwino. Chokhacho chosayenera ndi kuletsa kuyezako. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Magazi amene sitiwaona

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Bala la pamutu kapena pamphumi limatulutsa magazi ochititsa mantha, malaya onse kufiira, koma kawirikawiri limasiya likangopanidwa ndi nsalu yoyera. Magazi oopsa ndi amene akutayikira m'kati. Fupa la ntchafu likathyoka, magazi opitirira lita imodzi angathe kubisala mu ntchafu momwemo. Mafupa a m'chiuno akasweka, kapena chiwindi chikang'ambika, angatayike ochuluka kuposa apo popanda dontho ndi limodzi lomwe kugwa pansi.

Ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kusamala kwambiri ndi kapamba. Kumene malungo ndi likodzo zili zofala, anthu ambiri ali ndi kapamba wotupa, ndipo kapamba wotupa sachedwa kuphulika. Mwana amene wagwa mu mtengo wa mango, kapena mnyamata amene wamenyedwa ndi chiwongolero cha njinga kumanzere pansi pa nthiti, angathe kudzuka n'kuyenda yekha kupita kunyumba. Patapita maola amayamba kutuwa, kutuluka thukuta lozizira, kumva ludzu kwambiri ndi kudandaula m'mimba kapena paphewa la kumanzere.

Thupi limabisa kutayika kwa magazi kwa kanthawi. Mtima umathamanga ndipo mitsempha imafinyika, kotero kuti BP ingathe kuoneka yabwino mpaka munthu atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake. Ana ndiwo amabisa kwambiri, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi. Ndi chifukwa chake namwino amabwerabwera kudzayeza kachiwiri ndi kachitatu. Muyeso umodzi umangonena pamene munthu ali. Miyeso ingapo imanena kumene akulowera.

Sikelo ya ku Glasgow ndi sikelo ya ku Blantyre

Kale dokotala wina ankalemba kuti wodwala "wakomoka pang'ono", wina n'kulemba kuti "ali ndi tulo", ndipo wobwera usiku sankadziwa ngati munthuyo akuchira kapena akuipiraipira. Mu 1974 madokotala awiri a ubongo a mu mzinda wa Glasgow ku Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, adakonza sikelo yoti aliyense aziyeza mofanana. Sikeloyi imayang'ana zinthu zitatu. Kutsegula maso kuli ndi mapointi kuyambira 1 mpaka 4. Kulankhula kuli ndi 1 mpaka 5. Kugwedeza ziwalo kuli ndi 1 mpaka 6. Munthu wabwinobwino amapeza 15, ndipo amene sakuchita kanthu konse amapeza 3.

Wopeza 13 mpaka 15 amati wavulala pang'ono m'mutu, 9 mpaka 12 ndi pakatikati, ndipo 8 kutsika m'munsi ndi kuvulala kwakukulu. Munthu wotere sangathe kuteteza pakhosi pake, choncho angafunike kumuika paipi yopumira. Mukamva dokotala akuuza mnzake kuti wodwala adali pa 14 koma tsopano ali pa 11, dziwani kuti kutsikako ndiko kukuwathamangitsa, ngakhale bala lakunja silidasinthe.

Koma mwana wa chaka chimodzi simungamufunse dzina kapena kumuuza kuti akweze mkono. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pogwira ntchito ndi ana odwala malungo a mu ubongo ku Queens, adakonza sikelo ya ana osatha kulankhula. Imayang'ana ngati mwana akutsatira nkhope ya mayi ake ndi maso, pointi imodzi. Imamvetsera kulira kwake: kulira kwenikweni ndi mapointi 2, kubuula chabe ndi 1, kukhala chete ndi 0. Imaonanso zimene amachita akatsinidwa: akalondola dzanja pamene pakupweteka ndi 2, akangothawitsa chiwalo ndi 1. Mwana wabwino amapeza 5, ndipo 2 kutsika m'munsi ndi chikomokere. Sikelo imeneyi imatchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre, ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kumene kuli malungo. Onani kuti ngakhale pano kulira kuli ndi mapointi. Mwana wolira mwamphamvu ali pabwino kuposa wongoti duu.

Pali msampha umodzi umene mabanja ayenera kuudziwa. Munthu angagunde mutu, kukomoka pang'ono, kutsitsimuka, kucheza ndi kuseka, koma m'kati mwa chigaza mtsempha ukutaya magazi pang'onopang'ono. Patapita maola magaziwo amapanikiza ubongo. Zizindikiro zake ndi mutu wopweteka moonjezereka, kusanza mobwereza, tulo tosadzutsika, kulankhula zosokonekera, kufooka mbali imodzi, kukomoka ngati wa khunyu, kapena madzi ndi magazi kutuluka m'khutu ndi m'mphuno. Wogunda mutu asagone yekha usiku woyamba. Ndipo tikapeza munthu ali kwala m'mbali mwa msewu akununkha mowa, tisafulumire kunena kuti waledzera chabe. Mowa ndi kuvulala m'mutu zimafanana maonekedwe, ndipo kawirikawiri zimayendera limodzi.

Kuwonkhetsa mabala onse

Nanga munthu akavulala malo angapo nthawi imodzi, amawonkhetsa bwanji? Mu 1974 momwemo, katswiri wa ku America Susan Baker ndi anzake adakonza njira yowerengera. Thupi adaligawa zigawo 6: mutu ndi khosi, nkhope, chifuwa, mimba, manja ndi miyendo pamodzi ndi chiuno, ndiponso khungu. Bala lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1, laling'ono, mpaka 6, limene munthu sangapulumuke nalo. Kenaka amatenga zigawo zitatu zovulala koposa, nambala iliyonse kuichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuwonkhetsa. Zotsatira zake sizipitirira 75, ndipo zikapitirira 15 amati kuvulala n'kwakukulu.

Tiyeni tiyese masamuwa. Anthu awiri agwa pa njinga yamoto imodzi. Woyamba wachekeka pang'ono kumaso, wabinya mkono, ndipo wasupuka khungu. Zonsezi ndi za nambala 1, ndiye 1 kuonjeza 1 kuonjeza 1 ndi 3. Wachiwiri alibe bala kunja, koma kapamba wake wang'ambika kwambiri, bala la nambala 4. Tikachulukitsa 4 ndi 4 tipeza 16. Woyamba ndiye ali ndi magazi pa malaya, koma wachiwiri ndiye ali pakati pa moyo ndi imfa.

Vuto la njira imeneyi ndi lakuti imafuna kudziwa zonse za m'kati mwa thupi, zimene zimaoneka ndi makina ojambulira kapena pa opaleshoni. Kotero imathandiza kwambiri powerengera pambuyo pake, pofuna kuona ngati chipatala chikupulumutsa anthu amene chiyenera kupulumutsa. Madokotala a mu Africa adafuna muyeso woti ugwire ntchito pa chipatala chopanda makina. Ku Uganda, Olive Kobusingye ndi Ronald Lett adakonza sikelo ya Kampala, imene imangofuna msinkhu wa munthu, BP, kapumidwe, kutsitsimuka kwake ndi chiwerengero cha mabala aakulu.

Kuno ku Malawi, chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, kumene amatumizidwa odwala a ku Salima ndi Nkhotakota, chidayamba mu 2008 kulemba m'kaundula wovulala aliyense wofika pakhomo pake, mogwirizana ndi sukulu yaukachenjede ya North Carolina. Kuchokera m'kaundula ameneyu, mu 2019 madokotala adatulutsa sikelo yotchedwa ndi dzina la dziko lathu. Imafunsa zinthu zisanu zokha: msinkhu, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, mbali ya thupi imene yavulala koposa, kutsitsimuka kwake, ndiponso ngati mtsempha wa pamkono ukumveka kugunda. Zonsezi zimatheka ndi maso, makutu ndi zala. Muyeso wotere ungathandize wachipatala wa ku Makanjira kapena ku Namwera kudziwa msanga amene angamusunge ndi amene ayenera kukwera ambulansi kupita ku Mangochi, ku Zomba kapena ku Blantyre.

Tikumbukire kuti manambala onsewa si chiweruzo. Amanena za kukula kwa ngozi, kuti thandizo lipite msanga kumene likufunika koposa. Alipo ambiri amene adafika ndi manambala oipa koma lero akuyenda.

Kuyeza bala la moto

Moto uli ndi muyeso wakewake. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ana ambiri amapsa ndi mbaula, phala, tiyi ndi madzi osamba, ndipo odwala khunyu amagwera pa moto. Dokotala amafuna kudziwa kuti khungu lapsa gawo lalikulu bwanji, pakuti khungu lopsa limataya madzi a m'thupi.

Kwa munthu wamkulu amawerenga motere, mwa magawo 100 a khungu lonse: mutu ndi 9, mkono uliwonse ndi 9, mwendo uliwonse ndi 18, chifuwa ndi mimba ndi 18, msana wonse ndi 18, ndipo kumaliseche ndi 1. Kwa khanda mutu umatenga gawo lalikulu kuposa apa. Njira yapafupi imene mayi aliyense angaigwiritse ntchito ndi ya chikhatho. Chikhatho cha wopsayo pamodzi ndi zala zake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa 100. Mwana amene wapsa malo okwana zikhatho zake 10 ayenera kugonekedwa ndi kulandira madzi a m'diripi, ngakhale akuoneka wamphamvu.

Amayang'ananso kuya kwa bala. Apanso ululu umanyenga. Bala lofiira, la matuza, lopweteka kwambiri ndi lapamwamba. Bala loyera kapena lakuda, louma ngati chikopa, losapweteka, ndilo lozama, chifukwa mitsempha yomvera ululu yapsa. Kupsa kumaso, m'manja, m'mapazi ndi kumaliseche, kapena kupuma utsi m'nyumba yotseka, n'kofunika chipatala ngakhale malo ake ndi ochepa. Thandizo loyamba ndi kuthira madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenaka kuphimba ndi nsalu yoyera ndi kumufunditsa mwanayo. Mazira, mafuta ophikira, ufa ndi mankhwala otsukira mano zimalowetsa tizilombo, ndiponso zimabisa bala kotero kuti dokotala amalephera kuliyeza.

Gawo lathu ndi lotani?

Muyeso wabwino umayamba ndi mbiri yoona, ndipo mbiriyo ili ndi ife operekeza. Dokotala adzafuna kudziwa chimene chidachitika: kodi adagundidwa akuyenda pansi, adaponyedwa kuchokera pa matola, adagwa kuchokera pamwamba potalika bwanji, adagwidwa ndi ng'ona? Adzafunsa ngati adakomoka ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, ngati adasanza, ndiponso ngati poyamba ankalankhula. Adzafunsanso nthawi. Ngati padalibe wotchi, kunena kuti zidachitika swala ya Asr itangotha n'kokwanira. Nthawi njofunika chifukwa pali mankhwala othandiza magazi kugwirana amene amapindulitsa akaperekedwa maola atatu asadathe. Nenaninso nthawi imene adadya komaliza, ndi matenda kapena mankhwala amene amamwa, monga a shuga, a BP, a khunyu kapena ma ARV. Ngati ndi mayi woyembekezera, nenani poyambirira. Buku lake la kuchipatala lisatsale.

Pamalo pa ngozi, panani bala lotuluka magazi ndi nsalu yoyera ndipo musamasuleko kuti muone. Ngati mpeni kapena chitsulo chatsalira m'thupi, musachizule. Wodandaula khosi kapena msana, kapena amene sakumva miyendo, anyamulidwe ndi anthu angapo pa chitseko kapena thabwa, mutu, khosi ndi thupi zili mowongoka. Asapindidwe pa mpando wa minibasi. Wokomoka amene akupuma agonekedwe chammbali, wina atagwiriziza mutu, kuti masanzi asamutsamwitse. Musamuthire madzi kumaso kapena kumumwetsa kanthu. Tikudziwa kuti n'kovuta kumana madzi munthu amene akupempha, koma ludzu lake lingakhale chizindikiro cha magazi otayika, ndipo m'mimba mukakhala zinthu opaleshoni imakhala yoopsa.

Fupa lothyoka limene latulukira kunja lisapite kwa omanga mafupa a kumudzi. Bala lotere, monganso bala la mano a ng'ona, limafuna kutsukidwa bwino ku chipatala tsiku lomwelo, pamodzi ndi mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata.

Mukaikidwa m'gulu lodikira, dikirani maso ali pa wodwala wanu. Gulu silikhala lomwelo mpaka kalekale. Mukaona kuti amene ankalankhula wayamba kusinza, wayamba kutuwa, manja azizira, mimba ikutupa kapena kapumidwe kasintha, pitani kwa namwino mwaulemu koma mosazengereza, ndipo munene chimene chasintha. Mawu oti "ankayankha koma tsopano sakuyankha" amadzutsa achipatala msanga kuposa mawu oti "tabwera kalekale".

Pomaliza, pali zinthu ziwiri zimene tingachite ngozi isadafike. Choyamba ndi chipewa cholimba cha pa njinga yamoto, chomangidwa bwino pachibwano, kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe. Inu makolo amene mudagulira mwana njinga kuti azipezera ndalama ku Limbe kapena ku Mangochi, funsani za chipewa musadafunse za ndalama za tsikulo. Chachiwiri ndi magazi. Dokotala angayeze molondola kuti munthu wataya malita awiri, koma ngati mosungira mulibe magazi muyesowo sumuthandiza. Bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidayamba mu 2003, limadalira anthu opereka mwa kufuna kwawo. Magulu athu a achinyamata ndi a amayi angathe kupangana tsiku lokapereka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.